Ukamange Pamene Basi Imaima

Kwa Kawinga,
Lachitatu masana.

Rozina mwana wanga,

Wapita kukatsanzikana ndi anzako a kumpingo, ndipo ine ndatsala ndekha pakhonde ndi pensulo imene ndabwereka kwa aphunzitsi. Dzanja langa linaiwala kulemba, undikhululukire mizere yokhotayi. Ndayesa kangapo kukuuza zimenezi pakamwa, koma ndikangotchula bambo ako ndimalephera kupitiriza, iwe n'kuyamba kunditonthoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawa m'mawa amalume ako akuperekeza ku Ntaja. Ukawoloka Shire pa pantoni, chibwato chowolotsa anthu ndi magalimoto chija, ku Liwonde, ukafika kwa apongozi ako kwa Nsamala, kenako sitima ya pa Balaka ikunyamula iwe ndi amuna ako kupita ku Limbe. Sindikudziwa ngati ndidzakuonanso ndili ndi mphamvu zolankhula. Choncho werenga mofatsa, ndipo ukamaliza usataye.

Za m'nyumba alangizi akuuza kale, sindibwereza. Ine ndikuuza za malo okhala. Bambo ako sanandimenyepo, sankamwa mowa, ndipo sindinamvepo dzina la mkazi wina. Komabe banja lathu linatha iwo akadali ndi moyo, ndipo chimene chinalithetsa ndi mtunda.

Tsiku la chinkhoswe ndinamva mawu awiri, onse anandiopsa. Apongozi ako anati, "Mtsikanayu akhale kuno kwathu azitithandiza kulima, mwana wathuyo azibwera ndi sitima akapeza mpata." Ndinafunsa kuti kuchoka pa siteshoni kufika kumudziko ndi mtunda wotani. Anaseka, amvekere, "Iyayi, si patali ayi, munthu wa miyendo yake amafika dzuwa lisanapendeke." Kenako amuna ako aPatrisi anatuma amalume ako kudzandiuza kuti ndisadandaule, apeza chipinda ku Limbe komweko, pafupi ndi ofesi. Anatumiza mawuwo monyadira, mwana wa eni ake, ndipo ine ndinangoti zikomo. Koma njira ziwiri zonsezo ndinayendamo ine, Rozina, ndipo ndikudziwa kumene zimathera.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kukana kuchoka pano. Bambo ako atandikwatira anali atangoyamba kumene ukalaliki ku boma ku Zomba, olemba pa makina, a malaya oyera ndi tayi. Anandipempha kuti tikapemphe malo kufupi ndi ntchito. Agogo ako anati ana aakazi a pabanja pathu sachoka pamudzi, mwamuna ndiye amabwera. Ine ndinavomerezana nawo mokondwa, chifukwa ndinkaopa kukakhala pakati pa anthu osawadziwa. Masiku amenewo basi kunalibe. Kunali njinga, ndi malole a m'masitolo amene ankanyamula munthu mwini wake akafuna. Bambo ako anagula njinga yakale kwa mnzawo. Loweruka la kumapeto kwa mwezi akaweruka masana ankapalasa kudutsa mapiri a Machinga, mdima ukawagwera n'kupempha malo ogona m'midzi ya m'njira, pakuti mikango inali isanathe m'tchire lija. Ankafika kuno Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi. Ndinkawatenthetsera madzi, n'kudya, n'kutsamira khoma pang'ono, kenako n'kutembenuza njinga. Ulendo wonsewo unali woti akhale nafe nthawi ya chakudya chimodzi. Mvula ikayamba ankalephera ndithu, mwezi n'kutha, wina n'kuthanso.

Iwe unabadwa iwo kulibe, unayamba kuyenda iwo kulibe. Tsiku lina anafika thukuta lili kamukamu, atakugulira kadiresi ka maluwa. Anatsamiritsa njinga, n'kunjuta pabwalo kukutambasulira manja. Iwe unathawira kuseri kwa nkhokwe ukukuwa kuti, "Amayi, kwabwera munthu!" Anthu onse anaseka, iwonso anaseka nawo. Koma pobwerera, ndikuwaperekeza, anayenda akukankha njinga mtunda wautali. Potsiriza anati, "Make Rozina, kodi ine ndimavutikira yani?" Ndinangowaongolera kolala imene inali yowongoka kale.

Ndiye undimve, Rozina. Usavomere kukhala kwa Nsamala amuna ako ali ku Limbe. Apongozi ako uwalemekeze, nthawi yokolola ukawathandize, ukadwala wina ukamuone. Koma usalole kuti mwamuna wako akhale mlendo wa kumapeto kwa mwezi. Sitima siidutsa tsiku lililonse, ndipo mtunda umene akuuchepetsa pakamwawo, mitsinje ikadzaza umatalika. Adzakuuza kuti akazi onse amatero. N'zoona, amatero. Ukawayang'ane nkhope akazi amenewo.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri kunali kuthamangira mbali inayo osaganiza. Nditamva funso lija ndinakakamira kuti tonse tipite m'tauni mwenimwenimo. Bambo ako anandichenjeza kuti nyumba za makalaliki ndi zochepa, zimapita kwa amene anayamba ntchito kale, ife tikakhala ya lendi. Ine ndinati, "Bola tikhale pamodzi." Agogo ako analira, amalume ako anawanyengerera, tinapita. Chinali chipinda chimodzi kumunsi kwa tauni. Ukayang'ana kuphiri unkaona nyumba za azungu zitabisala m'mitengo ndi m'maluwa. Ife woyandikana naye akatsokomola tinkamva ngati ali pamphasa pathu.

Iwe pa nthawiyo unali wamng'ono, sunkadziwa kuti nkhuni zimene ndinkasonkha zinali zogula. Ndinagula nkhuni. Ndinagula chisoso ndi bonongwe, zinthu zimene kuno timaponda ndi mapazi popita kumunda. Malipiro a kalaliki amamveka aakulu ukakhala kuno. Kumeneko mwini nyumba ankadya chigawo chake mwezi usanayambe n'komwe, ndipo zotsalazo zinkafunika sopo, makala a simbi, nsapato, pakuti kalaliki sapita ku ofesi ndi malaya akuda ngakhale atagona ndi njala. Kolala za bambo ako ndinkaziumitsa ndi phala la chinangwa, ndipo tsiku lina ndinadzidzimuka nditaona kuti ndikulimezera malovu phala lomwelo. Ndiye panali abale. Aliyense wa kwa Kawinga wokhala ndi mlandu kukhoti kapena wodwala kuchipatala ankafikira kwa ife, akuti kwa akalaliki. Sungawabweze. Ankagona pansi mpaka pachitseko, bambo ako n'kumawalumpha m'mawa popita kuntchito. Tinali pamodzi, inde, koma tinalibe pamene tikanalankhulira awiriwiri, ndipo tikapeza mpata tinkangokamba za ufa.

Kenako inabwera njala ija. Sindikunena kuti kuno kunalibe. Inaliko, ndipo inatenga anthu. Koma kuno munthu ankakumba mizu, ankapita kunyanja ya Chiuta kukasaka matemba, ankathyola mango osakhwima n'kuphika. Ife kutauni tinalibe munda, tinalibe nkhokwe, tinalibe ngakhale mtengo umodzi woti n'kunena kuti ndi wathu. Ndinkaima pamzere wa ufa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, mlongo wako Tomasi ali kumbuyo. Iwe umati umamukumbukira pang'ono, kuti ankakonda kukukoka tsitsi. Anali atangoyamba kutchula mawu. Chitsime chimene tinkamwa chinatsika, madzi ake anasanduka mtundu, ndipo tinkatunga anthu ochuluka zedi. Anayamba kutsegula m'mimba. Ndinamutengera kuchipatala, anamupatsa mankhwala, koma thupi linali litatha kale. Anamwalira Lachisanu bambo ako ali ku ofesi. Tinamuika m'manda a m'tauni pakati pa anthu amene sitinkawadziwa ngakhale mayina. Lolemba bambo ako anamanga tayi n'kupita kuntchito, chifukwa mwini nyumba sakanadikira kuti tilire.

Chipinda cha aPatrisi chija ukachione. Ngati palibe pena, ukhalemo miyezi yoyambirira. Koma usachizolowere, ndipo usaberekeremo. Tauni inamangidwira anthu a ndalama zambiri. Anthu ngati bambo ako ndi amuna ako imawafuna masana okha. Ali ndi sukulu yokwanira kuti azichita manyazi ndi umphawi, koma malipiro awo sakwanira kuwatulutsamo. Usanyengedwe ndi tayi, mwana wanga. Ine ndinaichapa, ndikudziwa kuti kuseri kwake inali ndi zigamba.

Tsopano ndikuuze za zaka zimene iwe ukuzikumbukira bwino, kuti udziwe kuti sizinangochitika zokha. Pa nthawiyo basi inali itayamba kuyenda pa msewu wa Zomba ndi Liwonde, m'mawa kupita kutauni, madzulo kubwerera. Bambo ako anali ndi mnzawo wa ku ofesi, aMateyu, amene akazi awo kwawo kunali pafupi ndi mtsinje wa Likwenu, m'mbali mwa msewu womwewo. Atatiyendera pambuyo pa maliro a Tomasi anayang'ana chipinda chija, n'kunena kuti, "Achimwene, mukuferanji muno? Tiyeni mukapemphe malo kwa apongozi anga. Basi imaima pakhomo penipeni."

Bambo ako poyamba anakana. Anati, "Ine ndizikwera kumbuyo pamodzi ndi nkhuku ndi madengu a matemba, ndizikafika ku ofesi ndikununkha nsomba?" Paja kutsogolo kwa basi kunali timipando tofewa ta anthu olipira zambiri, enafe tinkakhala kumbuyo pa mabenchi, fumbi likulowera pansi. Apa pokha ndi pamene ndinachita mwanzeru pa moyo wanga. Ndinati, "Bambo a Rozina, muzikwera ndi malaya akale. Oyerawo ndizikukulungirani m'nsalu, muzikavala mukafika." Anaseka, kuseka koyamba chimwalirire mwana. Tinapita.

Tinaumba zidina, tinafolera ndi udzu. Eni malo anatipatsa munda kumtunda ndi kadimba kumtsinje. Ndinadzala mpiru, tomato, nzimbe, ndi mpunga pang'ono pamene pankakhala madzi. Nkhuni zinali kuphiri, zaulere. Kukwera basi tsiku lililonse sakanatha, choncho pakati pa sabata ankagona pamphasa m'chipinda cha makalaliki osakwatira, n'kumawapatsa ufa ndi ndiwo za kudimba m'malo mwa lendi. Anyamatawo ankakondwa, chifukwa ankadya bwino kuposa anzawo onse. Loweruka madzulo ankabwera, Lolemba m'mawa n'kupita. Zimene zinkapita ku basi mwezi wonse sizinkafika pa zimene mwini nyumba uja ankatilanda. Kwa nthawi yoyamba mwezi unkatha tili ndi kenakake m'manja. Ndi mmene unalowera sukulu ya kumishoni, uli ndi sileti yakoyako. Ndi mmenenso tinayambira kugula malata, limodzilimodzi, n'kumawasunga kuseri kwa chitseko.

Ukuwakumbukira Che Saidi, dalaivala uja wa ku Ntaja, wa kachipewa koyera? Lolemba akafika pokhota paja ankaliza hutala kutali, kuti bambo ako amalize tiyi. Akaima ankasuzumira pawindo, amvekere, "Akalaliki, kwende, tiyeni! Boma likudikira inu!" Tsiku lina bambo ako anasowa nsapato imodzi, galu ataitengera kuseri. Anthu m'basi anayamba kudandaula, koma Che Saidi anazimitsa injini n'kunena kuti, "Amene akuchedwa atsike aziyenda, tikumana kutsogolo." Palibe anatsika. Ufa ukawathera bambo ako pakati pa sabata ndinkapereka wina kwa kondakitala, madzulo n'kubwera ndi mawu akuti wafika. Ndipo nthawi zina Lachitatu, popanda chifukwa chilichonse, basi ya madzulo inkaima, bambo ako n'kutsika ndi buledi m'khwapa. Ndikafunsa kuti kwagwanji, ankati, "Palibe, ndangobwera." Mawu amenewo, Rozina, sindinawamvepo kwina kulikonse kumene tinakhala. Munthu amangobwera ngati njira ili yosavuta. Iwe unkathamangira kumsewu ukangomva hutala. Iwo ananenepa, anayamba kuweta nkhunda, madzulo ankakuphunzitsa masamu pakhonde. Sitinali olemera, koma tinali banja.

Malo otere ndi amene ukafune. Pakhale poti ukaima pakhomo uzimva basi ikubwera, koma lendi ya m'tauni isanafikepo. Pakhale kamunda, ngakhale kakang'ono, ndi madzi abwino. Usafunse anthu a m'maofesi, ukafunse madalaivala ndi makondakitala, ndiwo amadziwa amene amakwera pati ndi kutsika pati. Ndinamva kuti ena ogwira ntchito ku Limbe amakhala cha ku Njuli, ena cha ku Lunzu. Ine sindinafikeko, ukaone ndi maso ako. Ukafunsenso ngati msewuwo umayendeka nthawi ya mvula, chifukwa msewu wa chilimwe chokha si msewu. Amuna ako akachita manyazi ndi mabenchi a kumbuyo, usakangane nawo, ungowakulungira malaya. Anthu a m'basi uziwapatsa moni, uziwadziwa mayina, ukakolola uziwapatsirako nzimbe. Tsiku lina udzawafuna kuposa abale.

Kulakwitsa kwanga kwachitatu ndi kumene kwandikhalitsa pakhonde pano ndekha. Ukukumbukira tsiku limene amalume ako aSitefano anatsika basi ku Likwenu maso ali ofiira. Agogo ako anali atagwa, mbali imodzi itauma. Amalume ako sanandikalipire, sanandilamule, akanatero mwina ndikanakana. Anakhala pamphasa n'kunena kuti, "Achemwali, amayi akukutchulani. Ine ndine mwamuna, sindingawasambitse. Komanso munda wawo uja anthu ayamba kuuloza chala. Mukapanda kubwera upita." Ndinamva chisoni, ndinamvanso mantha a mundawo, sindikubisa.

Loweruka ndinawauza bambo ako. Anali akudyetsa nkhunda. Anati, "Tiwatenge amayiwo abwere kuno, chipatala chili pafupi, basi ilipo." Ndinati munthu wamkulu sasamutsidwa, akufuna kufera pakwawo. Anati, "Ndiye pitani mukawaone, mubwerere." Ndinati ndi nyengo imodzi yokha, ndikalime, ndikakolole, zikakhala bwino ndibwera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Make Rozina, njinga ija miyendo yanga siingathenso." Ine ndinati, "Si kale lija, pano basi imafika ku Ntaja." Anatinyamulira katundu mpaka kumsewu.

Nyengo imodzi ija sinathe. Agogo ako anakhala chigonere nthawi yaitali, ndipo sindikanawasiya. Atamwalira panali miyambo ya maliro, itatha chimanga chinali m'munda, titakolola amalume ako anati ndidikire tigawane minda bwinobwino. Nthawi iliyonse panali chifukwa, ndipo chifukwa chilichonse chinali choona. Uku nyumba ya ku Likwenu inali yokha. Denga linawola, khoma la kum'mawa linagwa, nkhunda zinabalalika. Eni malo anafunsa kawiri ngati tibwerera. Kenako anapereka malowo kwa mphunzitsi wina, ndipo sindingawanene, munda sukhala wogonera anthu akuufuna. Malata aja bambo ako anagulitsa.

Basi ya ku Ntaja inkafikadi, koma masiku ena okha, ndipo mvula ikagwa inkatitimira kapena osabwera n'komwe. Akatsika ku Ntaja pankatsala ulendo wa pansi umene iwe uuyende mawa. Bambo ako ankayesetsa. Ankafika nsapato zili m'manja, buluku litapindidwa, akupuma movutikira. Anayamba kubwera mwezi ndi mwezi, kenako pa tchuthi pokha. Choopsa kwambiri sichinali kusowa kwawo, chinali mmene tinkakhalira akabwera. Ndinkawayalira mphasa yatsopano, ndinkawaphera nkhuku, ndinkagwada powapatsa moni. Iwo ankafunsa za mvula ndi za odwala, ine n'kumayankha. Nkhani za ku ofesi analeka kundiuza chifukwa anthu ake sindinkawadziwanso. Tsiku lina anandipempha madzi akumwa ponena kuti, "Pepani, ndikuvutitseni." M'nyumba mwawo, kwa mkazi wawo. Ndinapita kukatunga ndikulira. Ndinawaona kuti awonda ndi kuti akutsokomola, ndinafunsa, anati ndi fumbi la m'njira. Ku Likwenu ndikanamva chifuwacho sabata iliyonse, ndikanadziwa kuti chikukula.

Za imfa yawo ukudziwa mathero okha, chifukwa ndinakusiya kuno ndi amalume ako. Unali mwezi wopalira, mvula ikugwa usana ndi usiku. AMateyu anatumiza mawu kudzera kwa dalaivala wa lole kuti bambo ako agonekedwa m'chipatala, ali moipa, ndifulumire. Dalaivalayo anauza wa sitolo ku Ntaja, wa sitolo anauza mayi wina wobwera kumsika, mayiyo anauza mwana wake. Pofika kwa ine mawuwo anali atasanduka akuti, "Akuti akalaliki sakupeza bwino pang'ono." Ndinati ndimalize kupalira ndime imene ndinayamba. Ndinamaliza. Nditafika ku Ntaja anati basi sinabwere chiyambire mvula, mlatho wina wakokoloka. Ndinayenda pansi, kugona m'njira kwa anthu achifundo, mpaka kufika pa msewu waukulu.

Basi imene inabwera inali ya Che Saidi. Anandizindikira ndili patali. Anaima, anatsika yekha, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu. Ndinawapatsa moni, ndinafunsa ngati amva za bambo a Rozina. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Kwerani, mayi." Ndinalunjika kumbuyo monga mwa nthawi zonse, koma anandigwira mkono n'kundikhazika kutsogolo, pa timipando tofewa tija. Kondakitala atabwera ndi matikiti, Che Saidi anamupukusira mutu. Pamenepo ndinadziwa. Tikudutsa pa Likwenu ndinaona nyumba yatsopano pa malo athu aja, zovala za ana zili pa chingwe, mayi wina ataima m'mbali mwa msewu ndi kathumba ka ufa. Basi inaima, kondakitala analandira kathumbako, tinapitirira.

Bambo ako anali ataikidwa m'manda dzulo lake. Amene anawanyamula ndi anzawo a ku ofesi, anyamata aja ankadya ndiwo za kudimba kwanga. AMateyu ananditengera kumanda n'kundilozera. Sanandidzudzule. Anangoti, "Ankafunsa ngati basi ya ku Liwonde yafika." Ali m'manda omwewo muli Tomasi, koma mbali ina, ndipo pamene pali mwanayo sindinapazindikire, udzu unali utamera ponseponse. Ndinabwerera kuno ndi bokosi la malaya oyera. Munda wa agogo ako ndi uwu, sunapite kwa wina aliyense. Ndimaulima ndekha.

Sindikufuna kukunamiza kuti ukatsata zimenezi zonse zikayenda. Ndikumva kuti mtengo wa basi ukukwera, ndi kuti eni malo a m'mbali mwa misewu nawonso ayamba kufuna ndalama pa chimene kale ankangopereka. Mwina pofika iwe ukapeza kuti anthu onga ife akukankhidwira kutali kuposa pamene tinali. Mwina aPatrisi sakakumvera, poti ndiwe mkazi watsopano ndipo mawu a amayi awo ndi olemera kuposa ako. Mwinanso ukachita zonse bwino, kenako basi n'kusintha njira. Ine ndinapeza malo abwino kamodzi kokha, kwa zaka zochepa, ndipo ndinawasiya ndi manja anga. Ndilibe nzeru zambiri zoti ndikupatse. Ndili ndi zimene ndinaona basi.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ndiye usaiwale. Miyendo yanga yayamba kutupa, iwe waona, ngakhale umayesa ngati sunaone. Tsiku lina amalume ako adzafika pakhomo pako. Ndi munthu wabwino, adzabwera ndi misozi yeniyeni, ndipo zonse zimene adzanene zidzakhala zoona. Adzati amayi ako akukutchula, adzati palibe wowasambitsa, adzati munda upita. Mwinanso ineyo, ululu ukadzandikulira, ndidzatumiza mawu okuitana. Usadzamvere mawu a tsiku limenelo, udzamvere awa, amene ndikulemba mutu uli bwino. Udzabwere, udzandione, udzandisambitse kamodzi ngati ukufuna, kenako udzabwerere kwa amuna ako mvula isanatseke njira. Usadzasamuke. Usadzanene kuti ndi nyengo imodzi yokha. Ndalankhula kale ndi akazi a amalume ako, avomera kudzandisamala, ndipo ndawauza kuti mundawu udzakhale wa ana awo. Amalume ako sanakondwe, akuti ndikukulanda chako. Inde, ndakulanda, kuti pasadzakhale chokukokera kuno.

Ukadzamva kuti ndapita iwe usanafike, usadziimbe mlandu, ndipo munthu asadzakuuze kuti unataya mayi ako. Ndine ndakuuza kuti utero.

Mawa sindipita nawo ku Ntaja. Miyendoyi ndi chifukwa chimodzi, koma chenicheni n'chakuti sindingathe kuima pamenepo n'kumaona basi ikunyamuka nawe. Ndikutsanzika pakhomo pompano. Ukaona ndalowa m'nyumba msanga, usabwerere kudzandiona. Pitirira.

Mulungu akusunge kumene ukupitako.

Ndine mayi ako,
Veronika